Ndidaumira pa maziko, khoma lidagwa

Akonzi, ndiloleni ndicheze ndi anzanga amene akumanga nyumba ndi ndalama zapamwezi, makamaka aphunzitsi anzanga a m'midzi.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera m'boma la Phalombe. Kwa zaka 10 ndakhala m'nyumba za sukulu ndi za lendi. Nyumba ya sukulu ndi yabwino, koma kalata yokusamutsa ikafika umanyamula mphasa zako n'kusiyira mnzako makiyi. M'chaka cha 2021 ine ndi mayi a kunyumba tidagula kamalo pafupi ndi msika wa kwathu kuno, tidalemberana pamaso pa amfumu ndi mboni, ndipo m'chilimwe chomwecho tidaumba njerwa n'kuotcha.

Mmisiri amene tidamupeza ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene sukulu adalekeza ku pulayimale. Tsiku loyamba adazungulira malowo, n'kutola dothi, n'kulifikisa m'manja.

"Aphunzitsi, dothi ili ndi lamakande," adatero. "Likamwa madzi limatupa, dzuwa likaswa limang'aluka. Tikumbe mpaka tipeze polimba, tithire konkire, ndipo njerwa zonse za pansi tigwirize ndi simenti."

Usiku umenewo ndidatenga cholembera. Ndidapeza kuti ndikakumba maziko ongofika m'mawondo, n'kumangira matope m'malo mwa simenti, nditsala ndi ndalama zogulira malata angapo. Mutu wanga udali pa denga, chifukwa denga ndi limene anthu amaliona akamadutsa pamsewu. M'mawa mwake ndidamuuza kuti tichita momwe ndawerengera ine.

"Nyumba ndi yanu, aphunzitsi," adayankha. Sadaonjezerenso mawu.

Pofika February 2023 makoma adali atafika pamwamba pa mazenera, denga lisadaikidwe. Mu March namondwe wa Freddy adafika. Mvula idagwa usana ndi usiku kwa masiku angapo. Sindikufuna kuyerekeza tsoka langa ndi la anthu amene adataya abale awo kuno ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Kumene kudadutsa napolo palibe maziko amene akadapirira. Koma pamalo panga napolo sadadutsepo. Madzi adangodikha mozungulira nyumba, matope a pakati pa njerwa adasungunuka, ndipo makoma awiri adagwa. Otsalawo adali ndi ming'alu yolowa dzanja. Chapafupi pomwepo nyumba ya mayi wina wogulitsa mandasi, yomangidwa ndi mmisiri yemweyo, idaima osagwedezeka. Mayiyo adamvera malangizo amene ine ndidakana.

Ndidakhala milungu iwiri ndikuzemba njira yodutsa kwa mmisiri uja. Mayi a kunyumba ndi amene adandikakamiza: "Bambo a Chikondi, manyazi satimangira nyumba. Pitani mukawapepese." Nditafika, mkuluyo adandipatsa mpando n'kunena kuti, "Njerwa zambiri sizidasweke. Tiyeni tikazitole."

Tidagwetsa zonse n'kuyambiranso. Zimene ndidaphunzira ulendo wachiwiriwu ndi zimene ndikufuna kugawana nanu.

Musadakumbe, funsani akuluakulu a pamalopo kumene madzi amadutsa mvula ikachuluka. Kuno anthu amakumbukirabe napolo wa mu 1991, ndipo angakulozereni njira imene adayenda. Malo otsika mtengo nthawi zina amatsika chifukwa eni ake akudziwa zimene inu simukudziwa.

Maziko asayezedwe ndi bondo kapena chiuno cha munthu. Akumbidwe mpaka dothi lofewa la pamwamba lithe. Pansi pake pathiridwe konkire wa simenti, mchenga wa kumtsinje ndi miyala yoswa. Njerwa za m'maziko zikhale zopsa bwino, zolira mukazigunditsa, ndipo zimangidwe ndi simenti mpaka zitakwera pamwamba pa nthaka. Ife tidakweza mizere inayi kuti madzi oyenda pabwalo asamalowe m'nyumba. Pamenepo tidayala pulasitiki wakuda uja wotchinga chinyezi, kenaka khoma n'kupitirira. Pulasitikiyu sadula, koma ndi amene amaletsa chinyezi kukwera m'khoma. Mukaona nyumba yoyoyoka pulasitala m'munsi, utoto ukusupuka chaka ndi chaka, kawirikawiri vuto limakhala pomwepa. Tidathiranso mankhwala a chiswe m'maziko tisadakwirire.

Pa kasakanizidwe, mmisiri wathu amaika mawilibala atatu a mchenga, osasefukira, pa thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 pomangira njerwa. Mukawonjezera mchenga kuti simenti ifike patali, mwadzibera nokha. Tsiku losakaniza muzikhalapo, kapena pakhale munthu wanu wokhulupirika. Ine ndinkakonza kuti ntchito ya konkire izichitika Loweruka kapena pa holide. Konkire akathiridwa amafuna madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo amafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Kale ndinkaganiza kuti simenti imalimba chifukwa chouma. Ndidaphunzira kuti ikauma msanga imafooka. Ana anga ndi amene ankatunga madziwo pamjigo asadapite kusukulu.

Pamwamba pa zitseko ndi mazenera tidazunguliza bimu ya konkire ndi zitsulo, yomanga makoma onse pamodzi ngati lamba. M'bimumo tidasiyamo mawaya omangira matabwa a denga, chifukwa mphepo ikalowa pansi pa malata imanyamula denga lonse ngati langokhomeredwa ndi misomali. Denga lituluke kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma, ndipo mozungulira nyumba pakhale ngalande yotaya madzi kutali. Ngati dzinja lakupezani musadafolere, phimbani pamwamba pa makoma ndi pulasitiki. Ine ndidasiya anga pamtetete madzinja awiri.

Pogula malata, dziwani kuti nambala ya geji ikakhala yaing'ono, lata limakhala lochindikala. Geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32. Malata, mafelemu, zitsulo ndi misomali mutha kugula pang'onopang'ono n'kusunga pouma. Ife zidatithandiza, chifukwa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tidali titagula kale malata ambiri. Simenti yokha musaunjike. Imakoka chinyezi n'kuuma m'thumba momwemo. Gulani yoti igwire ntchito m'milungu yochepa, ndipo muisanjike pa matabwa, osati pansi.

Ndi mmisiri lemberanani. Ife tidagawa ntchito m'zigawo: maziko, khoma kufika pa zenera, bimu, denga. Gawo likatha, taliona tonse, ndiye ndalama zimatuluka. Izi zimateteza mwini nyumba komanso mmisiri, chifukwa tilipo aphunzitsi ena amene timagwiritsa anthu ntchito n'kumawauza mwezi ndi mwezi kuti malipiro achedwa. Za katapila ndiye ayi. Ife tidadalira chipereganyu cha aphunzitsi asanu pasukulu pathu, banki m'khonde ya mayi a kunyumba, ndi nandolo amene timakolola.

Pulani yoyamba idali ya zipinda zinayi. Yachiwiri ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, koma tidasiya mano a njerwa kumbuyo kuti tidzalumikize zina mtsogolo. Pakadakhala mwayi woyambiranso, ndikadafufuzanso za njerwa za simenti kapena zotsindira pamakina, chifukwa nkhuni zimene uvuni wanga udadya zimandimvetsa chisoni ndikayang'ana mapiri athu.

Tidalowa m'nyumbayi chaka chatha. Kunja kulibe pulasitala, siling'i mulibe, ndipo mazenera awiri tidatseka ndi njerwa podikira magalasi. Anzanga ena amandiseka kuti mphunzitsi wa sekondale akugona m'nyumba yosatha. Ndimaseka nawo. Dzinja lapitali mvula itagwa usiku wonse, ndidadzuka ndi tochi n'kuzungulira makoma onse. Adali ouma kuyambira pansi.

Mmisiri uja amadutsa pano akamapita kumsika. Tsiku lina ndidamufunsa chifukwa chake sadalimbane nane poyamba paja. Adaseka n'kunena kuti, "Inu mukamaphunzitsa mwana wokana kumva, si mumamusiya alembe kaye mayeso?" Mayeso angawo adanditengera zaka ziwiri za thukuta. Inu amene mukukumba maziko chilimwe chino, mverani amisiri anu asadakusiyeni kuti mulembe nokha.

Mphunzitsi,
Phalombe