Cithunzi ca m'Citini

Mwa nchito zonse zimene manja anga anaphunzira, palibe ina imene inandiphunzitsa kudekha koposa yotsuka filimu. Kwathu kuno ku Chongwe anyamata ambiri amajambula ndi mafoni, ndipo cithunzi cimaoneka nthawi yomweyo. Koma foni ikabedwa kapena ikagwa m'madzi, nkhope za akuluakulu zimapita nayo pamodzi. Ndico cifukwa cace ine ndaumirira njira yakale.

Kamera yanga ndi citini ca mkaka waufa. M'kati ndinapakamo utoto wakuda, ndipo pambali ndinaboola kabowo ndi singano. Galasi mulibe. Kuwala kumayenda molunjika, tsono kukalowa pa kabowoko kumalemba cinthu cozondoka pa filimu. Nzeru iyi si yatsopano ai, pakuti Ibn al-Haytham anailongosola ku Cairo zaka ngati 1,000 zapitazo. Ifenso tinaiona ndi maso pa 21 June 2001, tsiku lija kadamsana anadetsa dziko masana. Dzuwa lisanabisike lonse, pansi pa mitengo panadzala timiyezi tating'ono, cifukwa mpata uliwonse wa masamba unasanduka kabowo ka kamera.

Kujambula nkwapafupi, nchito yeniyeni iri mumdima. Filimu inamatidwa ndi mcere wa siliva, ndipo kuwala kukaukhudza cithunzi cimalowamo, koma cobisika. Ndimatsegula citini usiku m'cipinda cotseka bwino, ndi kulonga filimu m'kabotolo kosalowa kuwala, manja okha ndiwo akupenya. Mankhwala oyamba amadetsa paliponse pamene kuwala kunafika. Amene sangathe kuwagula asataye mtima: mu 1995 mphunzitsi Scott Williams ndi ophunzira ace ku Rochester, ku America, anaonetsa kuti khofi atha kugwira nchitoyi. Lero anthu amasakaniza khofi waufa, soda wocapira ndi vitamini C, naviikamo filimu mphindi ngati 15.

Ndikatsukuluza ndi madzi ndimathira mankhwala aciwiri, ochedwa haipo, amene John Herschel anazindikira mu 1819 kuti amasungunula mcere wa siliva. Iwowa amacotsa mcere wotsala, kuti cithunzi cisadzade cikaona dzuwa. Pamenepo ndiyatsa nyale, ndipo ndiona dziko lotembenuka: tsitsi laimvi lakuda, mthunzi woyera.

Dziko lathu liri ndi mabvuto ace. Mankhwala amafuna kuzizira kwa madigiri 20, koma m'mwezi wa October kutentha kumapitirira 30, ndipo filimu imada msanga. Cotero ndimagoneka mabotolo mu mtsuko wa madzi ndi kugwira nchito mbandakuca. Madzi a mtsinje wa Chongwe nthawi ya dzinja amakhala amatope, ndiye ayenera kudikha ndi kusefedwa. Poyanika filimu mdani ndi fumbi la mu August.

Mapepala osindikizira akasowa, ndimatsata njira ina ya Herschel ya mu 1842. Pepala lopakidwa mcere wa citsulo ndimaliika pansi pa filimu padzuwa, kenaka ndi kulitsuka m'madzi okha, ndipo cithunzi cimaturuka cobiriwira ngati thambo.

Inu anzanga amene mwatsiriza sukulu, akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Funani citini, mukapemphe agogo akhale phee pakhonde kanthawi. Filimu yotsukidwa bwino siifuna magetsi kuti isunge nkhope yao, ndipo adzukulu anu adzangoikwezera kudzuwa ndi kuwaona.