Masiku a Chiperoni

Ife amene tidakulira ku Thyolo timaudziwa bwino mmawa wa mwezi wa Julaye umene tambala amalira koma kunja osafuna kucha. Ukasuzumira pakhomo upeza nkhungu yakuta minda ya tiyi, mawawa akugwa mwakachetechete, phiri losaoneka n'komwe. Nyengo imeneyi ndiyo chiperoni. Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene kumadzera mphepo yonyamula chinyontho cha ku nyanja yamchere ya India. Mphepoyo ikagunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre imakwera nizizira, ndipo chinyontho chija chimasanduka nkhungu yokhala masiku angapo.

Zoti chiperoni chimazizira palibe amene sadziwa. Chimene sitinena kawirikawiri n'chakuti chimalowanso mumtima. Tsiku loyamba timachilandira bwino, tikuotha moto ndi kuotcha mbatata. Lachiwiri mawu ayamba kuchepa m'nyumba. Pofika lachitatu bambo akukalipira ana pa nkhani yachabe, mayi angokhumata, ndipo aliyense akuganiza kuti wolakwa ndi mnzake.

Chaka china chiperoni chitakhalitsa, tidapita kukazonda gogo wina wamasiye wa m'mudzi mwathu. Tidaodira kawiri, yankho lidachedwa. Tidawapeza ali gone masana, zenera atatseka ndi chiguduli, mbaula ili pambali pa mphasa, phala la dzulo likadali m'mbale.

"Kodi mwadwala, agogo?" tidafunsa.

"Iyayi mdzukulu wanga, palibe pondipweteka. Kungoti sindikuona chodzukira."

Mawu amenewa tidawasunga. Munthu wotere ena amamuyesa waulesi, ena amathamangira kunena kuti walodzedwa, pamene chimene chamusowa ndi kuwala ndi anthu. Thupi lathu lili ndi wotchi yakeyake. Kuwala kolowa m'maso mmawa ndiko kumauza ubongo kuti kwacha, pamene mdima umachititsa ubongo kutulutsa melatonin, madzi a m'thupi oitana tulo. Kuwala kukachepa wotchiyo imasokonezeka: munthu amagona kwambiri koma osapumula, ndipo zimene ankakondwera nazo zimasuluka. M'chaka cha 1984 Dokotala Norman Rosenthal ndi anzake ku America adalongosola chisoni chobwera ndi nyengo yachisanu ngati matenda enieni, naonetsa kuti kuwala kwamphamvu kumathandiza odwalawo. Abale athu okhala ku London amachidziwa, pakuti mu Disembala usana wawo ndi wa maola 8 okha. Kwathu kuno ngakhale mu Juni usana umakwana maola 11, kotero mdima wotivuta nthawi zambiri ndi umene timadzipangira tokha potseka zitseko ndi mazenera.

Tsono tichite chiyani? Tidzuke pa nthawi yathu ya masiku onse ngakhale gombeza likutinyengerera. Tivale zofunda, tituluke mmawa, tipite kuchitsime, kudimba kapena kumsika, chifukwa kunja kwa mitambo kumawala koposa m'nyumba yathu kangapo konse. Tidye chakudya chotentha pamodzi. Tisanamizidwe ndi kachasu: amatenthetsa khungu kwa kanthawi, thupi likutaya kutentha kwake, ndipo akatha m'mutu chisoni chimabwera chitanenepa. Mbaula nayo isagone nafe m'chipinda chotseka, pakuti makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Ndipo ngati dzuwa labwerera koma mtima wa m'bale wathu ukadali mumdima kupitirira masabata awiri, osadya bwino, akulankhula za imfa, tisamusiye yekha kapena kumudzudzula. Timuperekeze kuchipatala msanga.

Koma malangizo onsewa ngopepuka kwa munthu wamphamvu. Nkhalamba, wamasiye kapena wodwala sangathe kudzikoka yekha kuchoka pamphasa. Payenera kukhala wina wogogoda.

Tsiku lija tidatulutsa mbaula, tidachotsa chiguduli pazenera, tidaika mpando pakhonde ndi kutereka tiyi. Ana a nyumba yoyandikana ataona utsi adabwera, napempha nthano. Gogo adayamba monyinyirika, koma nthano isanathe anali akuseka, kenaka n'kufunsa ngati wina wazitsekulira nkhuku zawo. Nkhungu inali ikadalipo mpaka mawa lake, koma phala la madzulo amenewo adalimaliza.

Akulu adati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Ifenso tidzakalamba, ndipo chiperoni sichidzaleka kubwera. Chikadzafika chaka chino, tidzayang'ane m'mudzi mwathu nthawi ya masana: kodi ndi chitseko chiti chimene sichinatsekulidwe? Kumeneko ndiko tikaodire.