Belu la sitima ya Edmund Fitzgerald

Wokondedwa mphwanga,

Unandifunsa chifukwa chake anthu a ku Michigan amaliza belu la sitima pa 10 Novembala chaka chilichonse. Mbiri yake nayi.

Edmund Fitzgerald inali sitima ya katundu ya pa nyanja zikuluzikulu za pakati pa America ndi Canada. Pamene ankaiika pamadzi mu 1958, inaposa sitima zonse za m'nyanjazo, yotalika mamita 222. Pa 9 Novembala 1975 inanyamuka ku Superior, m'chigawo cha Wisconsin, itasenza miyala ya chitsulo yoposa matani 26,000, ulendo wa ku Detroit.

Mawa lake namondwe anakula pa nyanja ya Superior. Kaputeni Ernest McSorley anauza anzake a m'sitima ya Arthur M. Anderson, imene inkabwera m'mbuyo, kuti sitima yake yapendekeka ndipo akupopa madzi. Kenaka makina ake a rada anafa. Nthawi itakwana 7:10 madzulo, McSorley anati akulimbikabe. Patangopita mphindi zochepa sitimayo inazimiririka, osaitana n'komwe thandizo. Anthu onse 29 anathera pomwepo, ndipo palibe mtembo umene unavuulidwa.

Lero sitimayo ili pansi pa nyanja, mamita 160 kuya kwake, itaduka pawiri. Anthu amatsutsanabe pa chimene chinamiza sitimayo: ofufuza a boma anati madzi ankalowera pa zivundikiro za zipinda za katundu, ena amati inagunda miyala pafupi ndi chilumba cha Caribou.

Tangoganiza, mphwanga, maliro opanda mtembo, opanda manda okalirapo. N'chifukwa chake belu lili ndi tanthauzo lalikulu chonchi. Uthenga utamveka, m'busa Richard Ingalls wa tchalitchi cha Mariners' Church ku Detroit analiza belu ka 29, kamodzi pa munthu aliyense. Mu 1976 woimba wa ku Canada, Gordon Lightfoot, anapeka nyimbo imene inafikitsa nkhaniyi kutali. Ndipo pa 4 Julaye 1995, mabanja a omwalirawo atavomereza, belu la sitimayo linavuulidwa. M'malo mwake anatsitsiramo lina lolembedwa mayina onse 29, kuti pansipo pakhale manda odziwika.

Belu lenilenilo lili m'nyumba yosungiramo mbiri ku Whitefish Point, ku Michigan. Pamwambo wa chaka ndi chaka amatchula mayina limodzilimodzi, belu n'kumalira pa dzina lililonse. Kulira kwa 30 n'kwa onse amene anamira m'nyanja zimenezo.

Anthuwa anali ogwira ntchito wamba, ophika, oyang'anira injini, ofuna chakudya cha ana awo. Mtundu umene umasunga mayina a anthu otere ndi mtundu wodziwa ulemu. Nawe ukamva za ngozi, usamangofunsa kuti afa angati. Uzifunsanso kuti anali ndani.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mkulu wako.