Kusaka pogona ku Dar es Salaam uli wekha

Amayi a geni omwe amapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu savutika kwenikweni ndi nkhani ya pogona. Amayenda anayi kapena asanu, amafikira pa gesiti imene anaizolowera kalekale ku Kariakoo, amatenga chipinda chimodzi n'kugawana mtengo, ndipo ena akatuluka mmodzi amatsala kulondera mabelo. Woyenda yekha alibe mwayi umenewo. Chipinda amalipira yekha chonse, chikwama amalondera yekha, akapita kosamba palibe womusungira foni ndi pasipoti. Ife Amalawi tinazolowera kuti ukapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe sungasowe msuweni kapena mlamu wokuyalira mphasa pabalaza. Ku Dar es Salaam, mzinda wa anthu oposa 5 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, ine ndinalibe wachibale ngakhale mmodzi.

Ndinapita ndekha kukasankha zitenje za shopu ya achemwali anga, komanso chifukwa mtima unkalakalaka kuona nyanja yamchere. Ndalama ya pogona inali yowerengeka, ndipo shilingi iliyonse yopita kwa mwini chipinda inali yochotsedwa pa nsalu.

Za msewu sindichulutsa. Ukadutsa Mzuzu, n'kutsetsereka Chiweta, n'kufika Karonga, umawoloka mtsinje wa Songwe wapansi n'kudinditsa pasipoti ku Kasumulu, kumene nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi. Kuchoka apo ndi ulendo wa makilomita oposa 800, kudzera Makambako, Iringa, mapiri a Kitonga, nkhalango ya Mikumi ndi Morogoro. Kuyambira 2023 boma la Tanzania linalola mabasi kuyenda usiku, ndiye ndinasankha dala basi yofika m'mawa. Chifukwa chake n'chakuti kusaka chipinda kumafuna dzuwa. Munthu wotsika basi pakati pa usiku, miyendo itatupa, tulo tili m'maso, amavomera chipinda chilichonse pa mtengo uliwonse.

M'basimo ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire wa ku Mzuzu, amene msewuwu anaudziwa mabasi akadali kufikira ku Ubungo. Atamva kuti ndili ndekha anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati:

"Mwanawe, usapereke ndalama usanaone chipinda. Utsegule mpope, ukhome chitseko uli m'kati, utembenuze matiresi. Akakana kukuonetsa, uzipita."

"Nanga akati ndilipiriretu masiku onse, amayi?"

"Usiku umodzi basi. Malo amadziwika usiku."

Iwo anali ndi anzawo owadikira, ndipo m'chipinda mwawo munali mutadzaza kale. Tinasiyana padepoti.

Depoti ya mabasi aakulu masiku ano ili ku Mbezi, inatsegulidwa mu 2021 ndipo imatchedwa ndi dzina la malemu John Magufuli. Ndi yaikulu, yosanja, koma ili kutali ndi pakati pa mzinda, makilomita 20 kapena kuposerapo. Ukangotuluka pachipata anyamata amakuunjikira, wina akukoka chikwama, wina akuti akudziwa loji yabwino pafupi pomwepo. Ndipo n'zoona, malo ogona ozungulira depotiyo alipo ambiri, ena aukhondo, mitengo yake yofewa. Ndinaima pamthunzi n'kuwerengera. Ntchito yanga inali ku Kariakoo. Kugona ku Mbezi kukanatanthauza kukwera tsiku ndi tsiku msewu wa Morogoro, kupita ndi kubwera, madzulo nditasenza mitolo ya nsalu imene m'basi yodzaza simulowa, ndiye kuti ndikanamalipira bajaji kapena takisi. Zimene ndikanapulumutsa pa chipinda zikanathera pamsewu, kuwonjezera apo maola abwino a m'mawa amene ogulitsa amakhala asanatope ndi kunenerera.

Ndinakwera tsono mwendokasi, mabasi ataliatali aja amene kuyambira 2016 amayenda mu mpata wawowawo pakati pa msewu kuchokera ku Kimara, magalimoto ena atangoti ndii mumdipiti. Ndinakatsikira ku Gerezani, m'mphepete mwa Kariakoo.

Ndisanachoke kumudzi ndinali nditayang'ana pa intaneti, monga amachitira aliyense lero. Zimene zimatuluka pamwamba ndi mahotela a ku Masaki, Oyster Bay ndi Msasani, kumene kumakhala akazembe ndi akuluakulu a makampani, mitengo yolembedwa m'madola. Ngakhale ukapeza otsikirapo, amafuna khadi la kubanki, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno. Chimene intaneti inandithandiza ndi mapu okha, kudziwa kuti Ilala ili kuti, Magomeni ili kuti, Sinza ili kuti. Magesiti ambiri amene munthu wa thumba langa angakwanitse sapezeka pa intaneti n'komwe. Amadziwika ndi kachikwangwani kapakhomo ndi pakamwa pa anthu.

Kariakoo ndi phokoso, thukuta ndi malonda. Mu msewu wa Congo anthu amayenda mogundana mapewa, onyamula katundu akukuwa kuti uwapatse njira, pansi ponse pali mashopu, pamwamba pake mosungira katundu, ndipo pamwamba penipeni m'pamene pali zipinda zogona. Malo oyamba amene ndinalowa ndinakwera masitepe opapatiza, amdima, mbali imodzi ataunjikamo makatoni mpaka kudenga. Chipinda chinali chotchipa ndithu, koma chinalibe zenera. Fani inkazungulira mpweya womwewo wotentha, wonunkha chinyezi. Ndinaima pakhomo n'kudzifunsa kuti moto utabuka pansi ndingatulukire kuti. Funso limeneli silongoganizira chabe kudera lino. Msika waukulu wa Kariakoo unapsa mu 2021, ndipo mu Novembala 2024 nyumba yosanja inagwa komweko n'kupha anthu. Woyenda yekha alibe womudzutsa usiku, choncho masitepe ndi zenera ndi gawo la mtengo wa chipinda. Ndinathokoza n'kutsika.

Malo achiwiri anali owala bwino, matailosi ochita kunyezimira. Mnyamata wa pakauntala anandifunsa ngati ndikufuna chipinda cha maola ochepa kapena cha usiku wonse. Kuseri kunali bala, masipika akuyesedwa kale masanasana. Sindikuweruza eni malowo, ndi bizinesi yawo, koma mzimayi amene ali yekha, ndalama za katundu zili m'chiuno, sayenera kugona pakhonde pamene anthu osawadziwa amalowa ndi kutuluka usiku wonse.

Kenaka ndinalowera chapakati pa mzinda, kufupi ndi Posta, kumene kuli malo ogona a mabungwe achikhristu monga YWCA ndi YMCA, komanso Luther House pambali pa tchalitchi cha Azania Front chimene anamanga Ajeremani moyang'anana ndi doko. Malo otere ndimawakonda ndipo ndikanawalangiza kwa aliyense wofika koyamba. Mabafa nthawi zambiri amakhala ogawana, zipinda zilibe zokongoletsa, koma pachipata pamakhala mlonda, pali malamulo, ndipo umakumana ndi apaulendo anzako oti n'kufunsana nawo njira. Chifukwa cha zomwezo amadzaza msanga. Kumene ndinafunsa kunalibe malo tsiku limenelo, ndipo ndinamva kuti nyengo ya chionetsero cha zamalonda cha Sabasaba, kumayambiriro kwa Julayi, ndiye uyenera kuimbiratu foni kukadali nthawi.

Dzuwa linali litafika paliwombo. Kutentha kwa ku Dar si kwa ku Nsanje kowotcha khungu, ndi konyowa, malaya amamatirira pamsana ngakhale uli pamthunzi. Ndinakhala pa benchi la mayi wina wogulitsa mpunga wa nyemba, ndipo nditadya ndinamufunsa m'Chiswahili changa chopereweracho kumene amagona amayi ochokera kutali akabwera kudzaoda katundu. Safunsa anadya phula. Mayiyo anaitana mtsikana wotsuka mbale, anakambirana pang'ono, n'kundilozera ku Ilala, kutsata msewu wa Uhuru.

Ndinali nditaganizirako za Magomeni, kumene mwendokasi amadutsa ndipo magesiti ndi ambiri. Chimene chinandibweza ndi chigwa cha Jangwani chimene chili pakati pa Magomeni ndi mzinda. Mvula ikagwa yambiri, makamaka kuyambira Malichi mpaka Meyi, mtsinje wa Msimbazi umasefukira n'kutseka msewu, ndipo umatha kukhala tsidya lino katundu wako ali tsidya ilo. Kuchokera ku Ilala kupita ku Kariakoo munthu amayenda wapansi.

Nyumba ya alendo imene ndinapeza ku Ilala, kumene anandilozera mayi wa mpunga uja, inali yapansi, yopanda nsanjika, mu kanjira ka mchenga kuseri kwa msewu waukulu. Pachipata chachitsulo panali mdala wovala kanzu, atakhala pampando wapulasitiki akumvera wailesi. M'kati munali bwalo losesedwa bwino, zipinda zitazungulira, pachingwe atayanika nsalu zapabedi zoyera zimene zinali zisanaume. Nsalu zimenezo n'zimene zinayamba kundikhazika mtima pansi, chifukwa zinkaonetsa kuti pano amachapa m'mawa uliwonse. Pakona panali thanki yamadzi pamwamba pa chitsulo, ndipo pakhomo la chipinda china panali mapatapata a ana.

Mwini wake, mayi wonenepa wofunda mpango kumutu, anandipatsa kiyi asanafunse ndalama. Ndinachita monga anandiuzira amayi a ku Mzuzu aja. Mpope unatulutsa madzi, ochepa mphamvu koma oyera, ndipo m'bafamo munali ndowa yodzaza kale, chizindikiro chakuti madzi amasiya nthawi zina koma eni ake amakonzekera. Chitseko chinali ndi loko komanso mpiringidzo wam'kati wokhomedwa ndi misomali yolimba. Ndinakweza ngodya ya matiresi n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa msoko, momwe nsikidzi zimabisala n'kusiya timadontho takuda. Munalibe. Neti inali ndi kabowo kamodzi kosokedwa ndi ulusi wofiira, ndipo ndinakondwa kuona kuti alipo amene anakaona n'kukasoka. Zenera linali ndi zitsulo ndi sefa ya udzudzu, loyang'ana kubwalo. Soketi yotchajira foni inali pafupi ndi bedi.

Panali zipinda zamitundu iwiri, za fani ndi za makina oziziritsa, ndipo mtengo unkasiyana kwambiri. Ndinatenga cha fani. Ndinalemba dzina ndi nambala ya pasipoti m'buku la alendo, ndinalipira usiku umodzi ndi ndalama zofiira zija za 10,000 zokhala ndi njovu, n'kupempha risiti. Mayiyo anaseka pang'ono, nati alendo a ku Malawi ndi a ku Zambia ndiwo amakonda risiti, koma analemba.

Usiku unali wabata kuposa mmene ndinkayembekezera. Chipata chinatsekedwa, mdala uja ankatsegulira okhawo amene akuwadziwa nkhope. Magetsi atazima kwa kanthawi fani inaima, kutentha kunabwerera, koma zenera linandipulumutsa. M'bandakucha ndinadzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti, kumene kwa munthu wofuna kulawirira kumsika kumabwera pa nthawi yake. M'mawa mwake ndinapita kwa mayi uja n'kunena kuti ndikhalitsa, ndipo pamenepo m'pamene tinakambirana mtengo. Anatsitsa, chifukwa chipinda cholipiridwa masiku otsatizana n'chabwino kwa iye kuposa chodikira mlendo wa mwadzidzidzi. Kunenerera kotere sikutheka pa intaneti, ndiponso sikutheka usanagonepo.

Chinanso chimene sindinachiwerengere poyamba koma chinachepetsa ndalama ndi chakudya. Dera la anthu wamba lili ndi zakudya za anthu wamba. M'mawa tiyi wa zonunkhira ndi chapati pakona pomwepo, masana mpunga wa nyemba kapena ugali ndi nsomba, madzulo tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira. Ukagona kudera la mahotela, ngakhale utapeza chipinda chotsika mtengo, m'mimba ndimo mumathera ndalama.

Ndipo nyumbayo inachita zimene anzanga apaulendo akanachita ndikanakhala nawo. Ndikabwera ndi mtolo wa zitenje, mayiyo ankautsekera m'kachipinda kake kosungira katundu. Mdala wa pachipata anandipezera woyendetsa bajaji amene amamudziwa kwawo, kuti ndisamangoimitsa aliyense pamsewu. Tsiku lina nditachedwa, chifukwa ndinawoloka pa pantoni kuchokera ku Kivukoni kupita ku Kigamboni kukaponda mchenga wa nyanja ija, ndinapeza mayiyo ali pakhonde.

"Dada, tinayamba kuda nkhawa," anatero. "Mawa ukamapita kutali uzinena."

Mawu amenewo ndinawamva mumtima. Pasipoti ndi ndalama ndinkayenda nazobe pathupi, m'kachikwama kam'kati mwa chitenje, ndipo achemwali anga kumudzi ndinawatumizira pa WhatsApp dzina la malowo ndi chithunzi cha chipata. Koma kudziwa kuti mumzinda wonsewo pali munthu mmodzi amene angazindikire ngati sunabwere, n'chinthu chimene woyenda yekha amachisowa kwambiri.

Nsalu nditamaliza kugula ndinazipereka kwa onyamula katundu wa ku Malawi, amene amalemba dzina pabelo n'kukupatsa kapepala. Basi yanga yobwerera inkanyamuka ku Mbezi kusanache, ndipo kudutsa mzinda wonse mumdima ndekha sindinakufune. Choncho madzulo a tsiku lomaliza ndinatsanzika ku Ilala kukadali kowala, ndinakwera mwendokasi ndi kachikwama kanga, n'kukatenga chipinda mu imodzi mwa maloji aja oyandikana ndi depoti. Ndinatsegula mpope, ndinayesa mpiringidzo, ndinatembenuza matiresi, ndipo ndinapempha mlonda kuti adzandigogodere ndi kundiperekeza mpaka pachipata cha depoti nthawi ikakwana.