Nkhalango Yaing'ono ya Pamudzi

Ngala ndi malo a m'mphepete mwa nyanja, m'boma la Nkhotakota, kumpoto kwa Dwangwa. Anthu a kumeneko ndi asodzi ndiponso alimi a chinangwa. Tsono msodzi sangakhale popanda mtengo. Bwato lake lisemedwa mumtengo, nkhafi yake ndi mtengo, thandala loyanikapo usipa limangidwa ndi mitengo, ndipo kampango sawambika popanda nkhuni. Chifukwa cha ichi, ndiponso chifukwa cha minda yatsopano, makala ndi njerwa zootcha, mitengo yachepa ndithu m'midzi ya kunyanja.

Komabe munthu woyenda mumsewu wa m'mbali mwa nyanja aona chinthu chodabwitsa. Pakati pa minda yoyera mbee pamakhala kankhalango kowirira, kobiriwira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Amenewo ndi manda. Kumanda nkhwangwa siilira, ndipo munthu salowako popanda chilolezo cha mfumu. Ana amaopa malowo nathamanga podutsa, koma mbalame siziwaopa konse. Mitengo imene ili m'menemo palibe anaidzala. Ndiyo mitundu yomwe inali m'dziko lonselo makolo asanatsegule minda.

Kutali ku Japan kunali munthu wina wophunzira za zomera, dzina lake Akira Miyawaki, amene anabadwa mu 1928 namwalira mu 2021. Kwawonso nkhalango zakale zinali zitatha m'malo ambiri, koma iye anaona kuti pozungulira nyumba zopembedzeramo panatsala timagulu ta mitengo imene anthu sanayerekeze kudula. Anayendera malo otero, nalemba mayina a mitengoyo, natola mbewu zake. Kuyambira cha m'ma 1970 anayamba kudzala nkhalango zazing'ono m'mabwalo a mafakitale ndi a masukulu, ndipo lero njira yake yafika m'mayiko ambiri.

Njirayo ili yotere. Anthu asankha malo aang'ono, ngakhale ochepera bwalo la mpira, nalima mozama ndi kuthira manyowa. Kenaka adzala mbande za mitundu yambiri ya m'dziko lomwelo, mosakaniza, popanda mizere, zitatu kapena zinayi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Chotero malo a mamita 10 mbali zonse alandira mbande 300 kapena kuposerapo. Mlimi wa chimanga akamva zimenezi agwedeza mutu, pakuti iye anazolowera kupatulira. Koma mitengo ikathithikana imalimbirana dzuwa, ndipo iliyonse ifulumira kukwera m'mwamba. Ina imafa, nisanduka manyowa a inzake. Pansi aphimbirapo udzu wouma, ndipo kwa zaka ziwiri kapena zitatu apalira ndi kuthirira. Pambuyo pake mthunzi wa mitengoyo upha udzu, ndipo nkhalango idzisamala yokha.

Mudzi wa ku Ngala ukafuna kuchita chomwecho suyenera kufunsa kutali kuti udziwe mitengo yodzala. Adzukulu ndi nkhalamba adziwa imene ili kumanda ndi m'mbali mwa mitsinje: mbawa, mkuyu, katope, muwanga, mlombwa, muula, mpoza ndi msuku. Bulugamu ndi malaina ndi mitengo yothandiza pa milimo ndi nkhuni, koma ndi alendo, ndipo m'nkhalango yotere alibe malo. Matondo sadya masamba a bulugamu, ndipo bowa wokoma uja wa nthawi ya dzinja amera pamene pali mombo ndi msuku, chifukwa moyo wake ulumikizana ndi mizu ya mitengo imeneyi. Mkuyu umodzi ukabala uitana njiwa, mileme ndi apusi, ndipo zimenezi zigwetsa mbewu zina zimene munthu sanadzale. Nkhwazi nayo ifuna mtengo wautali pafupi ndi madzi kuti imangepo chisa.

Kutola mbewu ndi ntchito yoyenera ana a sukulu, koma ili ndi nzeru zake. Njere ya suku siisungika. Mwana akadya chipatso aifese masiku omwewo, ndipo m'chubu athiremo dothi lotapa pansi pa msuku waukulu. Mbewu ya mbawa ili ndi phiko, ndipo iyenera kutoledwa msanga chikhokhombe chikangotseguka. Mkuyu suvuta: nthambi yozikidwa m'dothi lonyowa imaphuka.

Kusunga mitengo pamodzi si chinthu chachilendo m'dziko muno. Boma la Nyasaland linayambitsa nkhalango za m'midzi mu 1926, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 lilola mfumu kupatula malo otero, anthu a m'mudzimo nasankha komiti yowayang'anira. Mtsinje wa Bua nawo ndi mboni: mpasa umakwerabe m'menemo kukaswana, chifukwa mtsinjewo udutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, mmene mitengo igwira dothi kuti matope asakwirire miyala imene nsombayo iikirapo mazira.

Koma Ngala si Japan. Kuno mvula ikaleka, dzuwa liwala miyezi yambiri, ndipo mitengo ngati mlombwa ndi mombo iyamba ndi kuzika mizu pansi, pamwamba nikhala yaifupi zaka zingapo, kotero kuti wodzala wosaleza mtima aganiza kuti yakana. Nchifukwa chake malo amene ali ndi zitsa zamoyo aposa malo oyera, pakuti mphukira za chitsa zili kale ndi mizu yakuya. Mbande zidzalidwe mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Udzu ukayamba kuuma, anthu alambule njira yotchinga moto kuzungulira malowo. Ndipo asanadzale mbande yoyamba, mfumu ndi anthu ake apangane pabwalo zinthu ziwiri: ndani adzatunga madzi mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo mwini mbuzi yolowa mumpanda adzalipa chiyani.