Mipando Iwiri Imene Mwanza Sidakhalepo

Kwathu ku Mwanza nkhani ya malire timaidziwa tisanayambe n'sukulu yomwe. Ukayenda pang'ono kuchoka paboma wafika kale pa Zobue, m'dziko la eni, ndipo milandu yambiri yofika pabwalo la anyakwawa ndi ya malire a minda: uyu wasuntha nkhadze, uyo walima mzere wa mnzake. Ine ndidabadwa m'chaka cha 2003, chaka chimene Neno idapatuka ku Mwanza, kotero kuti amalume anga a kwa Dambe adasanduka anthu a boma lina asanasunthe ngakhale mtondo pakhomo pawo. Pali malire enanso amene sabzalidwa nkhadze, malire a madera a aphungu, ndipo ndi amenewa ndikufuna tikambirane, anzanga, pakuti ndiwo amanena chipani chimene chidzalamule Nyumba ya Malamulo.

M'nthawi ya chipani chimodzi madera ankachuluka chisankho chilichonse. Mu 1978 adali 87, mu 1983 adafika 101, mu 1987 adakwana 112, ndipo mu 1992 adali 141. Agogo anga amati masiku amenewo palibe ankataya tulo ndi malire, chifukwa mzere ukadutsa kuno kapena uko wopambana adali wa Malawi Congress Party basi. Mphamvu idali m'manja mwa amene ankavomereza maina a opikisana, ndipo wowoneka ngati wakula mutu ankamuthetsa mwanjira ina. Ife a ku Mwanza sitifunika kuuzidwa zimenezi. Mu May 1983, patangotsala milungu yochepa kuti chisankho chichitike, matupi a Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adapezeka pamsewu wathu wa ku Thambani.

Zipani zitachuluka, mzere wapamapu udayamba kulemera. Pa chisankho cha pa 17 May 1994 madera adali 177. UDF idapeza mipando 85, MCP 56, ndipo AFORD 36. Aliyense adaona kuti anthu avota motsata zigawo: kumpoto AFORD, pakati MCP, kumwera UDF. Tsono ngati zili choncho, kuwonjezera dera limodzi m'chigawo china kuli ngati kupatsa chipani china mpando anthu asanavote. N'chifukwa chake padabuka phokoso chisankho cha 1999 chisanachitike, pamene bungwe loyendetsa zisankho, motsogozedwa ndi Justice William Hanjahanja, lidaganiza zowonjezera madera 70, ndipo 42 mwa amenewa adali a kumwera. Zipani zotsutsa zidakana kwamtuwagalu. Pomaliza adangowonjezera 16, madera nakhala 193. Pa 15 June 1999 UDF idapeza 93, MCP 66, AFORD 29.

Wina angafunse kuti mpando umodzi kapena iwiri ili ndi ntchito yanji m'nyumba ya anthu pafupifupi 200. Yankho lidaoneka mu July 2002, pamene lidabwera bilu lochotsa malire a zaka zimene pulezidenti angalamule. Aphungu 125 adalivomera, ndipo lidagwa poperewera mavoti 3 okha. Madera 42 aja akadadutsa, kodi masamu a tsiku limenelo akadakhala omwewo?

Amene adalemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 adali ataganizira za nyumba yachiwiri, ya Seneti, imene mipando yake sidadalire malire a madera a aphungu. Idayenera kukhala ndi anthu 80. Boma lililonse mwa maboma 24 a nthawi imeneyo likadatumiza anthu awiri: seneta mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo, ndi mfumu imodzi yosankhidwa ndi mafumu anzake. Otsala 32 akadachokera m'magulu monga a amayi, a anthu olumala, alimi, aphunzitsi, azaumoyo, amalonda, apantchito ndi azipembedzo. Kwa ife a boma laling'ono nkhani yagona apa. Neno itapatuka, Mwanza idatsala ndi aphungu awiri pamene Lilongwe idali ndi 22. M'nyumba ya Seneti Mwanza ndi Lilongwe zikadalingana, awiri kwa awiri. Mfumu ya kwa Nthache kapena ya kwa Kanduku ikadaimirira ndi kufunsa chifukwa chimene manachesi athu amawolera m'mbali mwa msewu, ndipo mawu ake akadalemera chimodzimodzi ndi a mfumu ya ku likulu.

Chisankho cha maseneta chidayenera kudikira makhansala, ndipo makhansala adasankhidwa mochedwa, mu November 2000. Patangopita miyezi yochepa, kumayambiriro kwa 2001, aphungu adasintha malamulo nafufuta Seneti yonse isanakhale pansi ngakhale tsiku limodzi. Chifukwa chimene chidaperekedwa n'chakuti dziko losauka silingathe kudyetsa nyumba ziwiri. UDF payokha idalibe aphungu okwanira kusintha malamulo aakuluwa, kotero kuti ena a mbali yotsutsa adaikapo dzanja. Ine sindidabwa nazo. Phungu aliyense, wa chipani chilichonse, sakondwa kuti pakhale munthu wina woyang'ananso ntchito imene iye waitsiriza. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Seneti yathu idali fodya wapachala.

Tsiku lina tikukambirana nkhaniyi kuhostelo, mnzanga wophunzira zamalamulo adanditsutsa ndi mfundo zimene sindingazibise. Adati mafumu amalandira mswahala kuchokera ku Boma ndipo amakwezedwa ndi pulezidenti, tsono angamukanize chiyani? Adatinso mu 2000 UDF ndiyo idatenga makhansala ambiri, kotero maseneta ochokera m'makhonsolo akadavala nsalu yomweyo yachikasu. Ndipo adandikumbutsa za kwathu komwe: ngati Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno adabadwa pambuyo pa 1994, ndiye kuti maboma nawonso amadulidwa, ndipo wofuna maseneta ochuluka akadangodula maboma m'malo modula madera.

Mfundozi n'zolemera, komabe ine ndikuona kuti nyumba ziwiri zosankhidwa mwanjira zosiyana n'zovuta kuzigwira ndi dzanja limodzi. Kudula dera la phungu kumatheka ndi pensulo ndi mapu. Kudula boma kumafuna bwanamkubwa, maofesi, chipatala ndi khonsolo, ndipo dziko lonse limaona. Wofuna kusintha malamulo mothamanga akadayenera kunyengerera anthu a m'nyumba ziwiri, ndipo kuchedwa kumeneko nthawi zina ndiko kumapulumutsa dziko.

Pa 16 September 2025 ndidavota koyamba. Adandipatsa mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Madera adali atafika 229, kutsatira ntchito yodulanso malire imene bungwe loyendetsa zisankho lidamaliza mu 2022 motsogozedwa ndi Justice Chifundo Kachale, patatha zaka zoposa 20 madera ali 193. Pamzere tinkakambirana za anthu opikisana, za nsalu ndi za misonkhano, koma sindidamve wina akufunsa kuti mzere wa dera lathu udadutsa pati, kapena chifukwa chake udadutsa pamenepo.

Mafumu akhala akupempha kuti Seneti ibwerere, ndipo mkangano umenewo ndi wofunika kuti ifenso a pasukulu pano tiulowe. Koma pali china chimene chili pafupi ndi ife. Bungwe loyendetsa zisankho likamadula malire limachititsa misonkhano m'maboma kuti limve maganizo a anthu, ndipo kawirikawiri opitako ndi mafumu ndi akuluakulu a zipani. Ife amene taphunzira kuwerenga mapu ndi ziwerengero za kalembera timakhala kutali. Kumudzi, tsiku loika malire a munda, mwini munda sapita kumsika. Ulendo wina akadzafika pa Mwanza ndi mapu awo, ine ndikufuna ndidzakhale m'chipindamo, ndipo ndikupempha aliyense wa inu adzakhale m'chipinda cha kwawo.