Katochi ka kadontho kofiira ndi kamera ya filimu

Timatochi ta kadontho kofiira tija tafika kuno. Tsiku la msika pa Nsaru mwana akangopeza ya ganyu akugula, usiku n'kumapusitsa nako amphaka pakhoma. Achinyamata akuti dzina lake ndi leza. Akuluakulu dzinalo sakulikonda, poti Leza amene iwo amamudziwa ndi mwini uta uja umaoneka mvula ikakata.

Inu a m'tauni mwina mudaiwala mmene tinkajambulitsira. Wojambula ankabwera pa njinga Lamulungu tikuweruka ku tchalitchi, kamera ili m'khosi. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 36, ina 24 basi, ndiye sankangodinadina ayi. Ankatiimika choyang'ana dzuwa mpaka misozi, chifukwa filimu imafuna kuwala. Mukaima pansi pa mango mumatuluka bii ngati makala. Kenako dikirani filimu idzaze, apite nayo ku Lilongwe kukatsukitsa. Ukwati wa mu Okutobala, chithunzi chake chinkafika chimanga chitamera.

Mphwanga wina wa ku tauni akusewerabe ndi makamera akalewa. Nyengo ya fodya adabwera ndi katochi kake, akuti ajambula chigafa usiku popanda fulashi. Kamera adaikhazika pa mtondo, n'kusiya diso lake chitsegukire pafupifupi mphindi yathunthu, iye akuyendetsa kadontho pa mizati ndi pa fodya. Akuti filimu imasunga kuwala konse kogwerapo diso likadali lotsegula, ndiye kadontho koyenda kamasiya mzere.

Chithunzi chitabwera, chigafa chidali mdima wokhawokha, mkati muli mizere yofiira yokhotakhota ngati njira za chiswe. Leza siwalitsa ngati nyali ya koloboyi. Kuwala kwake sikumwazika, kumangolasa pamodzi. Pokhapo pomwe adabwerezabwereza m'pomwe masamba adaoneka, ofiira psuu. Ine chidandikomera. Amayi a kunyumba akuti chikufanana ndi chigafa chikupsa, m'nyumba mwawo chisapachikidwe.

Tidasemphana pomwe adafuna kuyendetsa kadonthoko pankhope ya agogo. Ndidakana ndithu. Mukukumbukira Marichi 2022 ku Dakar, Senegal ndi Egypt, nkhope ya Mohamed Salah itadzaza timadontho tobiriwira, iye n'kuphonya penate? Awo ankamulozera ali patali. Pafupi, leza yamphamvu imatentha kuseri kwa diso komwe timaonera, mwina osamva n'kuwawa komwe, ndipo pomwe papsapo sipabwerera msanga, pena osabwerera n'komwe. Ta pamsikati mphamvu yake siyenderana nthawi zonse ndi zolembedwa pa kapepala. Ngakhale kamera ya foni imatha kuwonongeka nato. Inu amene mumatumizira ana a kuno timatochiti pa Khirisimasi, chonde tumizani tochi wamba, aziwerengera.

Agogo tidawajambula m'mawa mwake pakhonde, dzuwa litakwera pang'ono, atavala yunifomu yawo ya Chigwirizano. Adatuluka bwinobwino, ndi mphini za pamasaya zomwe.